Ulendo wa pa boti pamtsinje: tidzere kwa ajenti kapena tilankhule tokha ndi eni malo?

Funso: Ndine mayi wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Amuna anga akupuma pantchito ya uphunzitsi chaka chino, ndipo ana athu asonkha ndalama kuti tikasangalale pa ulendo wa pa boti pamtsinje. Tidzakhala anthu asanu ndi mmodzi: ife awiri, apongozi anga aakazi a zaka 78, ndi ana athu atatu akuluakulu. Maganizo agawanika pakati pa Liwonde ndi mtsinje wa Zambezi ku Livingstone m'dziko la Zambia. Munthu wina amene tinamupeza pa Facebook akuti atikonzera zonse tikamutumizira theka la ndalama pafoni, koma mwana wathu woyamba akuti maajenti amangodya ndalama za anthu, ndi bwino tiimbe tokha kwa eni malo. Kodi titsate njira iti?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mundiperekere mafuno abwino kwa aphunzitsi pamene akutula pansi choko. Ine ndinabadwira ku Chikwawa komweko ndipo ndagwira ntchito yokonzera anthu maulendo kwa zaka zambiri mumzinda wa Blantyre, choncho ndikudziwa kuti kwa ife a kuchigwa Shire ndi mtsinje wowoloka popita kudimba, kumaliro kapena kuchipatala, ndipo n'kamodzikamodzi kuti munthu akwere boti n'cholinga chongoona madzi, mvuu ndi mbalame. Zimene ana anu aganiza n'zaulemu kwambiri, ndipo ndalama zosonkha movutikira chotere siziyenera kutayika chifukwa cholakwitsa munthu womupatsa.

Maulendo awiri amene mwatchulawo ndi osiyana kwambiri ngakhale onse ali a pamadzi, choncho yankho langa lili pawiri. Mukasankha Liwonde, imbani nokha kwa eni malo ogona ndipo musungitse malo mwachindunji. Mukasankha Zambezi, pitani kwa ajenti amene ali ndi ofesi yoti mutha kulowamo n'kukhala pampando. Munthu wa pa Facebook uja musamutumizire ngakhale tambala imodzi kufikira atakuonetsani zinthu zimene ndifotokoze m'munsimu. Pa zonsezi mtengo uli ndi gawo lake, koma chimene ine ndimayang'ana choyamba ndi ichi: tsiku limene madzi adzasefukire, msewu udzaduke kapena kwacha idzagwe mphamvu, ndani adzayankhe foni yanu, ndipo ndani ali ndi mphamvu yosintha tsiku kapena kubweza ndalama?

Ndiyambe ndi mawu a mwana wanu woyamba, chifukwa ali ndi choonadi pang'ono chimene chiyenera kusiyanitsidwa ndi mphekesera. Malo ogona alendo ndi makampani a maboti amakhala ndi mtengo umene amalengeza kwa aliyense, komanso mtengo wotsikirapo umene amapatsa maajenti amene amawabweretsera alendo kawirikawiri. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndiye komishoni ya ajenti, imene nthawi zambiri imayambira pa 10 peresenti kupita m'mwamba. Izi zikutanthauza kuti ajenti woona mtima amakugulitsani chipinda ndi mpando wa m'boti pamtengo womwewo umene mukanalipira mukanaimba nokha, ndipo iye amalandira gawo lake kuchokera kwa eni malo. Amene amadya ndalama za anthu ndi madobadoba, anthu amene alibe pangano lililonse ndi eni boti, amene amangofunsa mtengo monga mmene inu mukanafunsira, n'kuwonjezerapo zawo pamwamba, kenako n'kukuuzani chiwerengero chimodzi chosagawika. Njira yowasiyanitsira ndi yapafupi. Imbani kaye nokha kwa eni malo, mumve mtengo wa usiku umodzi ndi wa boti, kenako mufunse ajenti kuti akulembereni mtengo wake chinthu chilichonse pamzere wakewake: kugona, chakudya, boti, galimoto, ndalama yolowera m'paki, misonkho, ndi malipiro ake ngati alipo. Amene akukana kugawa mtengo chotere ali ndi chimene akubisa.

Musanalankhule ndi wina aliyense, ndi bwino mudziwe chimene chimagulitsidwa kuno kwathu pansi pa dzina la ulendo wa pamtsinje. Shire ndi wautali makilomita pafupifupi 400 kuchokera pamene amatuluka m'nyanja ku Mangochi kufikira pamene amathira mu Zambezi ku Mozambique, koma sayendeka ndi boti kuchokera kumtunda kufika kunsi. Pakati pake, kuyambira cha ku Matope kufika pa Kapichira, madzi amatsika mamita oposa 300 kudzera m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo m'dera lomweli ndi mmene muli makina opangira magetsi a dziko lino. Mathithi a Kapichira ndi amene anatsekereza David Livingstone mu 1859 pamene ankakwera mtsinjewu ndi sitima yake yotchedwa Ma Robert, ndipo mpaka lero sitima singadutse pamiyala imeneyo. Kunsi nako, doko la Nsanje limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010 silinayambe kulandira sitima monga momwe tinkayembekezera. Choncho wina akadzakulonjezani ulendo wa masiku angapo wogona m'sitima kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Mangochi, kapena kuchokera ku Nsanje mpaka kunyanja yamchere, dziwani kuti akugulitsa chinthu chimene kulibe. Chimene chilipo ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa boti, m'mawa kapena dzuwa likupendeka, umene umayambira ndi kuthera pa doko la malo amene mwagona.

Mfundo imeneyi ndi imene ikundichititsa kunena kuti ku Liwonde simukufunika mkhalapakati. Ulendo wonsewo uli ndi zigawo zitatu zokha: galimoto yochoka ku Ngabu kukwera phiri la Chikwawa kudutsa Blantyre ndi Zomba, malo ogona, ndi boti, ndipo ziwiri zomalizazi zimakhala m'manja mwa mwini mmodzi. Msewu mukuudziwa, chilankhulo ndi chanu, ndalama ndi kwacha, ndipo nambala ya foni ndi ya m'dziko momwe muno. Ajenti wa ku Blantyre akalandira pempho lanu amachita chimodzimodzi chimene mwana wanu angachite: amaimba foni ku Liwonde n'kufunsa ngati malo alipo.

Palinso phindu lina limene anthu ambiri amaliphonya chifukwa chochita manyazi kufunsa. Mapaki a Liwonde ndi Majete, amene amayendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, Majete kuyambira 2003 ndipo Liwonde kuyambira 2015, amalipiritsa nzika za Malawi ndalama yolowera yochepa kwambiri poyerekeza ndi alendo ochokera kunja. Malo ogona ambiri alinso ndi mtengo wapadera wa anthu okhala m'dziko muno, koma mtengowu suoneka kawirikawiri pa masamba a pa intaneti ogulitsa zipinda, amene amalemba mitengo m'madola poganizira mlendo wa ku Ulaya. Mwana wanu akangolowa pa intaneti n'kulipira chimene waona, angathe kulipira mtengo wa mzungu ali Mmalawi. Kusungitsa malo mwachindunji kumene ine ndikunena ndi kuimba foni kapena kulemba uthenga kwa eni malo, kudzitchula kuti ndinu nzika, ndi kufunsa mtengo wa nzika. Aliyense wa inu asanu ndi mmodzi anyamule chiphaso chake cha unzika, pakuti pachipata amafuna kuchiona, ndipo popeza mukutenga zipinda zingapo nthawi imodzi, musaope kupempha kuti akuchotsereni pang'ono, makamaka mukasankha masiku a pakati pa sabata kunja kwa nyengo ya tchuthi.

Koma chachikulu kuposa mtengo n'chakuti munthu amene amadzuka m'mphepete mwa madziwo tsiku ndi tsiku ndiye amadziwa mmene mtsinje ulili sabata ino. Ife a kuchigwa sitifunika kuphunzitsidwa kuti Shire amasintha. Namondwe wa Idai anatimiza mu Malichi 2019, wa Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kugumula mbali ya damu la Kapichira kotero kuti dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka, ndipo wa Freddy anatsatira mu Malichi 2023. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mpaka kumiza malo ena ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo madzi amenewo njira yake yotulukira ndi Shire yemweyu, kudzera pa zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde. M'nyengo ya dzinja misewu ina ya mkati mwa paki ya Liwonde imatsekeka ndi matope, kotero kuti alendo opita kumalo onga Mvuu Camp amafikako pa boti. Namasupuni nayenso amatha kudzaza doko usiku umodzi wokha. Zonsezi ajenti amene ali pa desiki mumzinda amazimva mochedwa, pamene woyendetsa boti amaziona ndi maso. Mukamalankhula ndi eni malo, afunseni mosazungulira ngati boti likuyenda masiku amenewo, ngati galimoto yaing'ono ingafike pamalopo, ndi chimene amachita ulendo wa boti ukalephereka chifukwa cha mvula kapena mphepo: kodi amabweza ndalama ya boti, amasinthira tsiku lotsatira, kapena amakupatsani ulendo wa pagalimoto m'malo mwake? Yankho lake alilembe mu uthenga, musalimve ndi khutu lokha.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa sindingakhululukidwe nditakutumizani ku Liwonde osakukumbutsani zimene zili pakhomo panu. Majete ali m'boma lanu lomwelo, ndipo kumeneko Shire amadutsa m'malire mwa paki pafupi ndi Kapichira, mmene muli mvuu, ng'ona ndi njovu zobwera kudzamwa madzi. Kunsi kwake kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, limene Livingstone analemba kuti anaonako njovu pafupifupi 800 nthawi imodzi. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame za m'madzi zilipo zochuluka, ndipo mu 2017 damboli linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko lotchedwa Ramsar. Kumeneko ulendo umakhala wa pa bwato lopalasa, limene abale athu achisena amalitcha mwadiya, ndipo mumapangana ndi asodzi a m'midzi ya m'mphepete mwa dambo. Kumeneku ndiye kulankhula ndi eni ake kwenikweni, ndipo ndalama yonse imatsala m'mudzi, chinthu chimene ine ndimachikonda. Komabe apongozi anu a zaka 78 sindingawakweze m'bwato losema. Tonse tikukumbukira za mu Meyi 2023, pamene mvuu inagunda bwato limene linanyamula anthu 37 pa Shire m'boma la Nsanje, ndipo anthu ambiri anamira. Ulendo wa m'dambo ukhale wa ana anu tsiku lina, atatenga majekete oyandamitsa ndi wopalasa amene amadziwa pamene mvuu zimagona.

Nkhani ya majeketeyi muifunse kulikonse kumene mungapite, kaya mwadzera kwa ajenti kaya ayi. Boti lonyamula anthu liyenera kukhala lolembetsedwa ku dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi, likhale ndi chiwerengero cha anthu amene limaloledwa kunyamula, ndi jekete ya munthu aliyense. Funsaninso ngati lili ndi denga lotchinga dzuwa ndi mipando yotsamira, komanso mmene munthu wokalamba amakwerera kuchokera pa doko. Mafunso otere amayankhidwa bwino ndi mwini boti kusiyana ndi wogulitsa amene mwina botilo sanalionepo.

Tsopano za Zambezi. Ulendo wa pa boti ku Livingstone nawonso ndi wa maola ochepa madzulo, kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene amadziwikanso kuti Victoria Falls, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umaphatikiza zakumwa ndi tizakudya. Botilo palokha si lovuta kulipeza. Chovuta ndi unyolo wa zinthu zimene ziyenera kulumikizana kuti mukafike pa dokolo pa ola lake. Kuchoka ku Ngabu muyenera kufika ku Lilongwe, kudutsa chipata cha Mchinji kulowa ku Chipata, kupitirira mpaka ku Lusaka, kenako makilomita ena pafupifupi 480 kukafika ku Livingstone, umene ndi ulendo wa masiku awiri kapena atatu pamsewu, wofuna malo ogona panjira. Mukasankha ndege, pamakhala kusintha ndege pakati, ndipo imodzi ikachedwa zonse za kutsogolo zimasokonekera. Mukasungitsa chilichonse pachokha, basi kwina, chipinda kwina, boti kwina, aliyense wa eni zinthuzi amangoyang'ana gawo lake. Basi ikafera panjira mwini boti alibe nazo ntchito, ndipo mpando wanu umapita wopanda munthu koma wolipiridwa. Ajenti amene wagulitsa ulendo wonse ngati chinthu chimodzi ali ndi udindo pa unyolo wonsewo, ndipo popeza amatumiza alendo kwa anthu omwewo chaka ndi chaka, mawu ake opempha kuti asinthe tsiku amalemera kuposa a mlendo amene sadzabweranso.

Chifukwa chachiwiri ndi ndalama zakunja, ndipo pano ndichedwepo. Malo ambiri a ku Livingstone, a ku Victoria Falls mbali ya Zimbabwe ndi a ku Kasane pamtsinje wa Chobe ku Botswana amalemba mitengo m'madola a ku America. Kwacha yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kupeza madola m'mabanki kwakhala kovuta kwa zaka zingapo. Banja limene linapereka dipoziti mu Okutobala 2023 n'kusiya zotsalazo kuti lidzamalize mu Disembala linapezeka kuti likufunika makwacha ochuluka kwambiri kuposa mmene linawerengera, ngakhale mtengo wa m'madola sunasinthe. Mukamalipira nokha kunja muyenera kukhala ndi khadi la kubanki limene limaloledwa kugwira ntchito kunja kwa dziko, ndipo khadi lotere limakhala ndi malire a ndalama zimene mungatulutse, kapena muyenera kupempha banki kuti itumize ndalamazo n'kudikira pamzere. Kugula madola kumsika wamdima n'kuphwanya lamulo, ndipo sindingakulangizeni zimenezo. Ajenti wokhazikika angathe kulandira makwacha anu kuno n'kulipira anzake akunja mwa njira zake zovomerezeka. Koma mumufunse funso ili musanasainirane chilichonse: kodi mtengo umene wandipatsa m'makwachawu ndi wotsekeka ndikalipira zonse lero, kapena udzasintha kwacha ikagwa? Ambiri amatseka mtengo pokhapokha mwalipira zonse. Ngati ndalama za ana anu zakwanira ndipo ajentiyo mwamutsimikizira, kulipira zonse nthawi imodzi kumakutetezani ku vuto limeneli. Muchenjerenso kuti dziko la Zambia nalo ndalama yake ndi kwacha, koma ya mphamvu yosiyana kwambiri ndi yathu, choncho papepala lililonse palembedwe bwino kuti ndi kwacha ya dziko liti.

Amalawi safunika viza polowa ku Zambia, Zimbabwe kapena Botswana pa ulendo waufupi wokacheza, koma pasipoti yosatha ntchito ndi yofunika kwa aliyense, apongozi anu omwe. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo anthu amene anali atalipiriratu maulendo anavutika. Musapereke dipoziti ya ulendo wakunja pamene wina mwa inu pasipoti yake idakali m'njira.

Ndisakubisireni kuipa kwa ajenti, ngakhale iyi ndi ntchito yanga. Mukadzera kwa iye, eni boti ndi eni malo ogona amamutenga iyeyo ngati kasitomala wawo, kotero kuti mukafuna kusintha tsiku kapena kuchotsa munthu mmodzi amakubwezani kwa ajenti, ndipo ngati foni yake ili yozima Loweruka madzulo mumangokhala manja ali m'khosi. Chachiwiri, ndalama zanu zimagona m'thumba mwake masiku kapena miyezi zisanafike kwa eni ntchito, ndipo kampani ikagwa m'nyengo imeneyo zimagwera limodzi. Zimenezi zinachitikira ngakhale kampani ya Thomas Cook ya ku Britain, imene inayamba mu 1841 ndipo inatchukitsa maulendo a sitima pamtsinje wa Nile ku Egypt kuyambira 1869. Itagwa mu Sepitembala 2019, alendo pafupifupi 600,000 anali ali kunja kwa mayiko awo, ndipo boma la Britain linachita kutumiza ndege zokatenga nzika zake pafupifupi 150,000. Inu musawerengere kuti wina adzakutumizirani ndege ku Livingstone. Chitetezo chanu n'chakuti, patangopita masiku ochepa mutalipira, mupemphe ajenti kalata yotsimikiza yochokera kwa eni malo, kenako muimbe nokha kumaloko n'kufunsa ngati mayina anu ali m'buku lawo pa masiku amenewo ndiponso ngati ndalama zafika. Ajenti wabwino sakwiya ndi zimenezi.

Phunziro limeneli ndinaliphunzira mopweteka ndili wachinyamata pantchitoyi. Ndinakonzera gulu la amayi a mpingo wina ulendo wa pa boti, ndipo ndalama ndinazipereka kwa munthu amene ankadzitcha woimira malo ena ogona alendo a m'mphepete mwa Shire. Anandipatsa lisiti yooneka bwino ya chidindo, ine n'kukhutira osaimbanso foni kumaloko. Titafika tinapeza kuti munthuyo anachotsedwa ntchito miyezi iwiri m'mbuyomo, mayina athu mulibe m'buku, ndipo boti linali litadzaza ndi alendo ena. Amayi aja anakhala pansi pa mtengo ndi zikwama zawo kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo ndinalipiranso zonse kuchokera m'thumba mwanga. Foni imodzi yokha ikanapewetsa manyazi amenewo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinatumizepo munthu kumadzi ndisanamve mawu a mwini boti.

Za maulendo aakulu ogona m'sitima momwemo, onga a pa Nile pakati pa Luxor ndi Aswan amene amatenga usiku utatu kapena unayi, kapena a pa Danube ndi Rhine ku Ulaya, ndingonena mwachidule popeza simunawatchule. Kumeneko mtengo umasiyana malinga ndi nsanjika imene chipinda chili, ndalama zonse zimafunika miyezi ingapo ulendo usanafike, viza ndi yofunika, ndipo madzi akaphwa monga mmene zinachitikira pa Rhine mu 2018 ndi 2022 alendo amatsitsidwa n'kumalizitsa zigawo zina pa basi. Ulendo wotere munthu wa kuno asauyese popanda ajenti wodziwa ntchito ndi inshulansi ya paulendo.

Tibwerere kwa munthu wanu wa pa Facebook. Sindikunena kuti aliyense wotsatsa malonda pamenepo ndi kamberembere, pakuti achinyamata ambiri oona mtima amayambira pomwepo. Koma zimene wapemphazo, theka la ndalama pa nambala ya foni, ndi njira yomweyo imene akuba amagwiritsa ntchito, ndipo ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu wosamudziwa zili ngati madzi, zikatayika sizioleka. Mumuuze kuti akuonetseni chiphaso chimene boma limapereka kwa makampani okonza maulendo kudzera ku dipatimenti ya zokopa alendo, ndi kalata yolembetsera bizinesi yake. Akuuzeni pamene pali ofesi yake, ndipo mmodzi wa ana anu apiteko ndi miyendo yake tsiku la ntchito. Akupatseni akaunti ya kubanki imene ili m'dzina la kampani, osati la munthu. Atchule dzina la malo amene mukagone ndi la kampani ya boti, kuti inu muimbe kumeneko pa nambala imene mwaipeza nokha n'kufunsa ngati amamudziwa. Ngati akugulitsanso matikiti a ndege, mufunse ngati ali wovomerezeka ndi bungwe la makampani a ndege a padziko lonse la IATA kapena amadzera kwa yani. Pomaliza alembe papepala chimene chidzabwezedwe mukalephera kupita, ndi masiku angati ulendo usanafike, chifukwa m'banja limene muli munthu wa zaka 78 matenda kapena maliro angathe kusintha zonse tsiku limodzi. Akayamba kukufulumizitsani kuti malo atsala ochepa ndipo mtengo ukwera mawa, kapena mtengo wake ukakhala wotsika kwambiri kuposa wa eni malo enieniwo, kumbukirani kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mapepala onsewa muwasunge, pakuti ndi amene mungapite nawo kupolisi kapena ku bungwe loona madandaulo a ogula la Competition and Fair Trading Commission zinthu zikavuta.

Mukanandifunsa kuti ndikusankhireni, ndikanati pitani ku Liwonde. Apongozi anu sangapirire bwino masiku atatu a pa basi kupita ndi atatu kubwerera chifukwa cha maola awiri a pa boti, ndipo ndalama zimene zikanathera mumsewu ndi m'madola zingakugulireni usiku wina wowonjezera ndi maulendo awiri a pamadzi m'malo mwa umodzi. Pa Shire wa ku Liwonde mvuu ndi ng'ona mumaziona pafupi, nkhwazi imalira pamitengo ya m'mphepete, ndipo m'chilimwe njovu zimatsikira kumadzi pakati pa migwalangwa. Sankhani pakati pa Juni ndi Sepitembala, pamene misewu yauma ndipo kutentha kwa Okutobala, kumene inu a ku Ngabu mukukudziwa bwino, kusanafike. Mwana wanu woyamba ndiye aimbe foni, afunse mtengo wa nzika, apemphe chipinda cha agogo chimene chili pafupi ndi podyera ndipo chilibe masitepe, atumize dipoziti ku akaunti ya kampani, ndipo asunge uthenga wotsimikiza pafoni komanso papepala. Kutatsala masiku awiri aimbenso kuti amve za msewu ndi madzi. Boti la m'mawa kwambiri m'mwezi wa Juni kapena Julayi limazizira ndi mphepo ya pamadzi, choncho agogo muwatengere juzi ndi chitenje chofunda, ndipo muwapemphere mpando wa pakati pa boti, pamene sipagwedezeka kwambiri.